Lipoti la magulu okambirana za tsankho ku Phoenix ndi madera oyandikana nawo, mumzinda wa Durban

Lipotili likunena za magulu ang'onoang'ono okambirana omwe tinkayendetsa kumpoto kwa mzinda wa Durban, ku South Africa, pambuyo pa zipolowe za mu Julaye 2021. Ndine Mmalawi wokhala kuno, ndipo m'maguluwo ndinali mkhalapakati, nthawi zina womasulira, popeza Chizulu ndi Chingerezi ndimalankhula. Anakonza magulu athu ndi atsogoleri ena a mipingo, a mizikiti ndi a akachisi a Ahindu a m'deralo. Panalinso magulu ena a boma ndi a mabungwe, koma amenewo sindikuwalankhulira. Mayina a anthu omwe ankabwera sinditchula, chifukwa tinapangana choncho kuyambira tsiku loyamba.

Chomwe chinachitika

Pa 29 Juni 2021 khothi lalikulu loona za malamulo a dziko linagamula kuti Jacob Zuma, pulezidenti wakale, akakhale kundende miyezi 15 chifukwa chokana kukaonekera ku komishoni ya Zondo yofufuza za katangale. Atangomutsekera ku Estcourt, chipwirikiti chinabuka m'chigawo cha KwaZulu-Natal, komwe kuli Durban, ndi m'chigawo cha Gauteng. Malole anatenthedwa pamsewu wa N3, masitolo anathyoledwa, nyumba zosungira katundu zinapsa. Pasanathe masabata awiri anthu oposa 350 anali atafa, ndipo boma linatulutsa asilikali 25,000.

Ku Phoenix imfa zake zinali za mtundu wina. Phoenix ndi dera lomwe boma la tsankho linamangira Amwenye kuyambira mu 1976, ndipo lazunguliridwa ndi madera a anthu akuda monga KwaMashu, Inanda, Bhambayi, Amaoti ndi Zwelisha. Apolisi atasowa m'misewu, anthu a ku Phoenix anatchinga njira ndi matayala, zitsulo ndi magalimoto, ena ali ndi mfuti, ati akuteteza nyumba ndi masitolo. Pa zotchinga zina ankangobweza anthu. Pa zina munthu wakuda ankamutsitsa m'galimoto, kumumenya, kumuwombera, galimotoyo kuitentha. Bheki Cele, yemwe anali nduna ya apolisi, analengeza kuti anthu 36 anaphedwa ku Phoenix, ndipo ambiri mwa iwo anali akuda. Ena anali kofuna petulo, ena ankapita kuntchito.

Anthu a mbali ziwirizi si alendo kwa wina ndi mnzake. Amayi a ku Amaoti amachapa ndi kusita m'nyumba za ku Phoenix. Ana a ku Bhambayi amaphunzira m'masukulu a ku Phoenix. Chipatala chachikulu cha deralo, masitolo ndi misewu ya maminibasi zonse ndi zogawana. Choncho Lolemba litakwana, womenyedwa ndi woonerera anakumananso pamzere umodzi wa buledi, palibe amene akuyang'ana mnzake kumaso.

Momwe tinakonzera magulu

Masabata oyambirira kunali misonkhano ikuluikulu ya m'maholo. Akuluakulu ankakhala kutsogolo, mapemphero a zipembedzo zonse, nyimbo, mawu okoma onena za umunthu, kenako aliyense kukwera galimoto. Sindikunyoza misonkhano imeneyo, chifukwa inathandiza kuti anthu aone kuti kukhala m'chipinda chimodzi n'kotheka. Koma mayi amene mwana wake wagona kumochale sangalankhule pa maikolofoni pamaso pa khamu, ndipo bambo amene anaima pa chotchinga sangavomere kalikonse pamaso pa makamera.

Ife tinasankha magulu a anthu osapitirira khumi ndi awiri, anthu omwewo nthawi zonse, Loweruka masana. Gulu lililonse linali ndi akhalapakati awiri a mitundu yosiyana. Malo tinkasinthasintha, lero kuholo ya tchalitchi ku Phoenix, ulendo wotsatira ku kalasi ina kutsidya, kumadera a anthu akuda aja. Zimenezi zinali ndi mtengo wake. A kutsidya ankafunika ndalama ya minibasi, ndipo a ku Phoenix ambiri anali asanapondepo ku Amaoti chibadwire, moti tinkachita kuwalandira pamsewu waukulu n'kuyenda nawo.

Chinthu chimene anzathu ena a m'mipingo sanagwirizane nacho poyamba ndi chakuti tinayamba ndi kukumanitsa mbali iliyonse payokha. Iwo ankati kumeneko n'kubwereza tsankho lomwe tikulimbana nalo. Ine ndimaima nganganga pa njira imeneyi mpaka lero. Mkwiyo woyamba umafuna malo ake otulukira opanda woyankha. A kutsidya anafunika kunena mawu oti kupha mwachisawawa popanda wina kudumphira kuti nanga kuba kuja. A ku Phoenix anafunika kunena za usiku womwe anagona m'bafa ndi ana, akumva kulira kwa mfuti, akuimbira apolisi foni yosayankhidwa, popanda wina kuwauza kuti mantha awo ndi bodza. Komanso m'zipinda zapaderazo ndi momwe tinazindikira kuti mbali iliyonse ndi yogawanika. Ku Phoenix kunali ena omwe anabisa antchito awo ndi odutsa m'nyumba zawo, ndipo ankaopa anansi awo kuposa momwe ankaopera a kutsidya. Kutsidya kunali amayi a malonda omwe zipolowe zinawagwetsera bizinesi, ndipo ankakwiyira ana a m'dera lawo lomwe.

Malamulo anali ochepa. Mafoni ankakhala m'thumba. Dzina la munthu woganiziridwa mlandu silinkatchulidwa, popeza nkhani zina zinali m'manja mwa apolisi ndipo sitinkafuna kuti gulu lisanduke bwalo la milandu kapena msampha. Lamulo lomwe linagwira ntchito kwambiri ndi lakuti munthu anene zomwe anaona ndi maso ake kapena zomwe zinamuchitikira, osati zomwe analandira pa WhatsApp. Sabata ya zipolowe ija mauthenga a mawu ankayenda ngati moto: akuti anthu akubwera pa malole kudzatentha nyumba, akuti mitembo mazanamazana yabisidwa. Titachotsa zolandira pafoni, anthu ena anapeza kuti zomwe anaona okha ndi zochepa kwambiri kuyerekeza ndi zomwe ankakhulupirira, ndipo ena anapeza kuti anaona zambiri kuposa zomwe ankavomera.

Wantchito ndi bwana wake sitinkawaika gulu limodzi. Mayi wochapa m'nyumba sanganene zakukhosi pamaso pa amene amamulipira, ngakhale bwanayo atalumbira motani. Aliyense ankalankhula chilankhulo chomwe afuna, ndipo tinkamasulira chiganizo ndi chiganizo. Kumasulira kumachedwetsa, koma kuchedwako kunkatipindulira, chifukwa wofuna kuyankha mokalipa ankayenera kudikira kuti mawu a mnzake athe kawiri. Za chakudya zinali zosavuta titangozidziwa: nyama ya halaal chifukwa cha Asilamu, ndi ndiwo zamasamba pa nyengo ya Purtassi, pakati pa Seputembala ndi Okutobala, pomwe Ahindu ambiri a kuno sadya nyama.

Mbiri yomwe aliyense anabwera nayo

Titaphatikiza mbali ziwiri, sitinafunse za Julaye nthawi yomweyo. Tinafunsa kuti agogo anu anakuuzani chiyani za anthu awa. A ku Phoenix pafupifupi onse anatchula 1949. Mu Januwale chaka chimenecho, mkangano wa mwini sitolo Mmwenye ndi mnyamata wakuda pafupi ndi msika wa Victoria Street unabutsa zipolowe za masiku angapo, makamaka ku Cato Manor. M'mabanja a Amwenye nkhaniyi imasimbidwa ngati nthawi yomwe anawatenthera nyumba ndi kuwapha, ndipo n'zoona. Chomwe ambiri sankadziwa ndi chiwerengero chake: anafa anthu 142, mwa iwo 50 Amwenye ndipo 87 akuda, ena mwa akudawo ataomberedwa ndi apolisi ndi asilikali. Titawerenga manambalawa m'gulu lina, agogo ena a ku Phoenix anapempha kuti tibwereze, akuganiza kuti ndasinthanitsa pomasulira.

A kutsidya anabwera ndi mbiri yawo ya Cato Manor yomweyo, yomwe iwo amaitcha Mkhumbane. Makolo awo ankachita lendi pamalo a eni minda a Chimwenye, kukwera mabasi a Amwenye, kugula m'masitolo a Amwenye, nthawi yomwe malamulo ankamuletsa munthu wakuda kuchita malonda momasuka mumzinda. Kenako lamulo la Group Areas la 1950 linasesa onse awiri, akuda kupita ku KwaMashu ndi Umlazi, Amwenye ku Chatsworth ndipo pambuyo pake ku Phoenix. Mfundo imeneyi ndi yokoma kwa mkhalapakati, chifukwa imaloza mdani wachitatu yemwe salipo m'chipindamo. Ndinaona kuti anthu ankaithamangira kuti apumirepo. Ndi yoona, koma tikaisiya kuti ikhalitse, gulu linkagwirizana zodzudzula azungu a zaka 70 zapitazo n'kubwerera kwawo osakhudza chotchinga cha pamsewu wawo.

Chaka cha 1985 chinali cholemera kuposa 1949, chifukwa ochiona adakali moyo. Mu Ogasiti chaka chimenecho, loya womenyera ufulu Victoria Mxenge ataphedwa, zipolowe zinafika ku Inanda, ndipo mabanja a Amwenye omwe ankakhala kumeneko anathawa nyumba zawo zikupsa. Ambiri anakathera ku Phoenix. Mudzi womwe Gandhi anakhazikitsa mu 1904 unawonongedwa, ndipo malo ouzungulira ndi omwe lero kuli Bhambayi. M'gulu lathu lina munali bambo amene anathawa ku Inanda ali mwana, ndi mayi amene nyumba yake ya malata ili pafupi ndi pomwe panali munda wa banja la bamboyo. Anazindikirana chifukwa cha mtengo wa mango womwe onse ankaudziwa. Sizinathere pa kukumbatirana ayi. Bamboyo anafunsa ngati chitsime chikadalipo, mayiyo anati chinakwiriridwa kalekale, ndipo anakambirana za madzi kwa kanthawi ngati anthu awiri pa depoti.

Tinapitanso ndi magulu ena kukaona nyumba ya Gandhi yomangidwanso, ndi sukulu ya Ohlange yomwe anayambitsa John Dube, mtsogoleri woyamba wa chipani cha ANC, komwe Nelson Mandela anakaponyera voti mu 1994. Malo awiriwa ali moyandikana. Ulendo wotere umasangalatsa ndipo zithunzi zake zimakoma m'malipoti, koma sindinaone kuti unasintha zambiri.

Mapu a pamsewu

Chimene chinasintha magulu ndi pepala lalikulu lomwe tinkayala pansi. Tinkajambulapo msewu waukulu wa Phoenix Highway ndi misewu yolowa m'madera, n'kupempha aliyense kuti aike chizindikiro pomwe anali masiku aja, ndi pomwe anaona chotchinga. Nkhani ya mitundu inasanduka nkhani ya mphambano yakutiyakuti, ola lakutilakuti.

Pa mapu paja zinaoneka kuti zotchinga sizinali zofanana. Zina zinali za anansi okhaokha odziwana, amayi akubweretsa tiyi, ndipo palibe amene anavulazidwa. Zina zinafikiridwa ndi amuna a mfuti omwe eni msewu eniakewo sankawadziwa bwino, ena a makampani a zachitetezo, ena odziwika ndi malonda a mankhwala ozunguza bongo. Apolisi pambuyo pake analanda mfuti kumakampani ena a zachitetezo a m'deralo. Kusiyanitsa kumeneku kunathandiza a ku Phoenix kulankhula, chifukwa munthu ankatha kunena zoipa za pa mphambano ina osamva ngati wapereka mtundu wake wonse. Kunathandizanso a kutsidya kuona kuti si khomo lililonse lomwe linali ndi magazi.

Koma kusiyanitsako kuli ndi msampha wake. Aliyense ankafuna kuti chotchinga chake chikhale cha tiyi chija. Funso lomwe tinkafunsa pamenepo linali limodzi: pa chotchinga chanu chabwinocho, munkadziwa bwanji woti adutse ndi woti abwerere? Poyamba ankayankha kuti tinkafunsa komwe munthu amakhala. Tikafunsa ngati galimoto ya Mmwenye wosadziwika inkafunsidwanso, m'chipinda munkakhala bata. Yemwe anaswa batalo m'gulu lina anali mphunzitsi wopuma pantchito, amene ananena poyera kuti ankayang'ana khungu, ndipo kuti ana omwe anawaphunzitsa okha akanabwera tsiku limenelo akanawabweza. Anzake awiri sanabwerenso pambuyo pa mawu amenewo. Otsalawo ndi omwe anayamba ntchito yeniyeni.

Tsiku lovuta kwambiri linali la mayi wina amene mwana wake wamwamuna anaphedwa akuchokera kofuna petulo. Anaika chizindikiro pamphambano, ndipo bambo wina wa m'gulu lomwelo anali ataika chake pamphambano yomweyo, tsiku lomwelo. Bamboyo anafulumira kunena kuti iye sanamenye aliyense. Mayiyo sanatsutse. Anangomufunsa kuti ataona zikuchitika anachita chiyani, ndipo mwana wakeyo ananena mawu otani. Bamboyo anati analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Za mawu anati sanamve. Ine ndinamasulira zonsezi monga zinanenedwera, osafewetsa. Mnzanga mkhalapakati anafuna kuti tipemphere pamenepo, koma mayiyo anakana, nati sanabwerere pemphero. Tinatseka msanga tsiku limenelo. Sabata yotsatira onse awiri anabwera, aliyense anakhala mbali yake, ndipo sanalankhulanenso mwachindunji mpaka gulu linatha. Ena angawerengere zimenezi ngati kulephera. Ine ndimaona kuti mayiyo anapeza chomwe anabwerera, chomwe ndi munthu wa ku Phoenix wovomera pamaso pake kuti zinachitikadi ndipo anaziona.

Ndale sizinatisiye. Chisankho cha makhansala chinali pa 1 Novembala 2021, ndipo mu Okutobala chipani cha DA chinapachika zikwangwani ku Phoenix zonena kuti ANC inakutchani atsankho koma ife tikukutchani ngwazi. Zinatsitsidwa anthu atadandaula, koma Loweruka limenelo magulu onse anabwerera m'mbuyo. A kutsidya anabwera atakwiya, a ku Phoenix ena sanabwere chifukwa cha manyazi, ena anabwera atalimba mtima kuti mwaona, alipo otimvetsa. Kuyambira pamenepo tinapempha kuti wofuna mpando wa ukhansala, wa chipani chilichonse, asakhale m'gulu mpaka chisankho chitadutsa.

Mbali yachitatu

Pokonza maguluwa anthu ankaganiza za mbali ziwiri. Koma m'deralo muli ife obwera: Amalawi, a ku Mozambique, a ku Zimbabwe, a ku Congo, a ku Ethiopia ndi Somalia a timasitolo. Amalawi ambiri kuno, makamaka abale athu ochokera ku Mangochi ndi Machinga, amagwira ntchito m'nyumba, m'minda ya maluwa, m'masitolo ndi m'mizikiti ya Amwenye, ndipo ena amagona m'tizipinda ta kuseri kwa nyumba za mabwana awo. Mu Julaye muja mnyamata wotere anali pakati. Pa chotchinga anali munthu wakuda ngati wina aliyense, ndipo ena anamenyedwa. Kutsidya anali mlendo, wantchito wa Amwenye, woganiziridwa kuti ali mbali yawo. Ena mabwana awo anawatuma kukanyamula matayala otchingira msewu, ndipo sakanakana.

Kuwabweretsa m'magulu kunali kovuta kuposa mbali zina zonse. Ambiri mapepala awo anatha kapena alibe, ndipo kulikonse komwe kuli kaundula wa mayina amakuopa. Amakumbukiranso bwino. Mu Meyi 2008 anthu 62 anaphedwa m'dziko muno pa zipolowe zothamangitsa obwera. Mu 2015 zinayambira ku Isipingo, kummwera kwa Durban, anthu n'kukasungidwa m'matenti ku Isipingo, Chatsworth ndi ku Phoenix komweko, ndipo boma la Malawi linatumiza mabasi kudzatenga anthu ake. Mu Malichi 2019 Amalawi anathamangitsidwanso ku Sydenham. Munthu wodutsa m'zimenezi waphunzira kuti chitetezo chake ndi kusaoneka. Tinasiya zolemba mayina, ndipo tinkakumana nawo paokha pabwalo la mzikiti wina pambuyo pa swala, m'Chichewa ndi m'Chiyao.

Kumeneko ndinamva zomwe Amalawi timanena za Amwenye tikakhala tokha, ndipo zambiri sizinabadwire ku Durban. Tinabwera nazo kuchokera ku Limbe ndi ku Lilongwe, komwe ambiri tinayamba kumudziwa Mmwenye ngati mwini sitolo amene amakufufuza m'thumba potuluka. Achinyamata sankadziwa n'komwe kuti m'zaka za m'ma 1970 boma la Kamuzu linachotsa amalonda a Chimwenye m'midzi n'kuwaunjika m'matauni akuluakulu. Sankadziwanso kuti Amwenye ambiri a kuno ndi zidzukulu za anthu omwe anabwera kuyambira 1860 kudzadula nzimbe pa mgwirizano wosasiyana kwenikweni ndi thangata, ndiponso kuti ku Phoenix kuli mabanja osauka okhala m'mafulati a khonsolo omwe alibe ngakhale njinga. Za Azulu nazonso timanena zathu: aulesi, okonda ndewu. Mkhalapakati wa Chimalawi amene akuganiza kuti iye ndi woyera pa nkhani ya tsankho, poti si wa mbali iliyonse, adzinamiza.

Titakhala mbali zitatu pamodzi, nkhani inachoka pa khungu n'kufika pa malipiro, ndipo apa ndi pomwe ndinaona anthu akulankhula moona mtima kuposa kwina konse. Mayi wa ku Amaoti anati anachotsedwa ntchito ya m'nyumba n'kulowetsedwa Mmalawi wolandira theka. Mnyamata wathu anavomera kuti amalandiradi zochepa, nati akakana pali anzake asanu pageti, ndipo kumudzi akudikira ndalama ya feteleza. Mayi wa ku Phoenix, wolemba ntchito, anati naye ndi wapenshoni ndipo sangakwanitse zambiri. Onse atatu ankanena zoona. Dziko lino lili ndi lamulo la malipiro ochepetsetsa kuyambira Januwale 2019, ndipo kuyambira Malichi 2022 antchito a m'nyumba anawakwezera kuti afanane ndi ena onse, ndipo panthawiyo malipirowo anali marandi 23.19 pa ola. Ambiri m'chipindamo, olemba ndi olembedwa omwe, sankadziwa nambala imeneyi, kapenanso kuti malamulo a ntchito amateteza wantchito ngakhale ali wobwera. Tinailemba pa bolodi. Olemba ntchito ena anati achepetsa masiku koma azilipira molingana ndi lamulo. Ena anangoti zii. Mnyamata wathu uja anandikokera pambali potuluka n'kundiuza kuti, achimwene, mwatiika pamoto, bwana akamva zimenezi atichotsa tonse. Nkhawa yake ndi yomveka, ndipo gulu lokambirana lilibe mphamvu yomutetezera ntchito.

Zomwe zinatuluka, ndi zomwe sizinatuluke

Magulu awiri anafika polemba pangano lalifupi la alonda a m'misewu yawo. Linati msewu wa boma sutsekedwa, wolondera aliyense azidziwika kwa apolisi ndi kwa komiti ya chitetezo ya m'dera, wa mfuti wosadziwika asaloledwe kuima nawo, ndipo munthu sabwezedwa chifukwa cha maonekedwe. Pangano limeneli lilibe mphamvu ya lamulo. Phindu lake ndi lakuti pali anthu odziwika omwe anaikapo dzanja pamaso pa anansi a kutsidya, ndipo tsiku lina akhoza kufunsidwa.

Chachiwiri chinali mndandanda wa manambala a foni: anthu ochepa mbali iliyonse omwe anavomera kuimbiridwa usiku uliwonse mphekesera ikabuka. Unayesedwa mu Epulo 2022, madzi osefukira atapha anthu oposa 400 m'chigawo chino ndi kuwononga malo oyeretsera madzi a ku Tongaat ndi mapaipi ambiri. Madera a kumpoto anakhala nthawi yaitali mipopi ili youma, anthu akudalira magalimoto a madzi. Mphekesera inayamba yakuti magalimotowo akupatutsidwira mbali imodzi, ndipo mbali iliyonse inkaloza inzake. Anthu a pamndandanda paja anaimbirana, anatumizirana zithunzi za mizere ya zigubu, ndipo zinaoneka kuti konsekonse anthu akudikira chimodzimodzi. Mzikiti wina wokhala ndi mjigo unatsegula geti kwa aliyense. Sindinganene kuti popanda ife kukanakhala ndewu, koma ndinaona anthu omwe miyezi isanu ndi inayi m'mbuyomo sankapatsana moni akufunsana pafoni kuti kwanuko galimoto yafika.

Chimene sitinathe kupereka ndi chilungamo. Bungwe loona za ufulu wa anthu la South African Human Rights Commission linamva maumboni ku Umhlanga mu Novembala 2021 ndipo lipoti lake linatuluka mu Januwale 2024. Gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Pulofesa Sandy Africa linali litanena kale mu 2022 kuti apolisi ndi azofufuza analephera ntchito yawo sabata ija. Koma milandu ya ku Phoenix yomwe inafika pogamula munthu kuti akakhale kundende ndi yochepa kuyerekeza ndi anthu 36 aja. Amayi amasiye angapo anasiya kubwera, ndipo mmodzi ananena mosabisa kuti tikuwagwiritsa ntchito yotsuka dzina la dera pomwe opha amuna awo akuyenda mumsewu. Sitinamukakamize kubwerera. Kuyambira pamenepo tinasiya kugwiritsa mawu oti kukhululukirana m'makalata oitanira anthu, ndipo aliyense wofuna kukapereka umboni kupolisi tinkamupezera womuperekeza.

Amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo m'magulu athu akuluakulu ndiye anadzaza, makamaka amayi. Koma moto wa Julaye unali m'manja mwa amuna a zaka za m'ma 20 ndi 30, a mbali zonse, ndipo amenewo sanabwere. Tinayesa mpira, anabwera kudzasewera n'kuchoka isanafike nthawi yokhala pansi. Omwe tinawafikirako pang'ono tinawapeza kudzera mwa eni maminibasi ndi mwa akuluakulu a makampani ang'onoang'ono a alonda, anthu omwe mawu awo amamveka kwa anyamatawo chifukwa ndi amene amawalemba ntchito. Ndikanati ndiyambe lero m'dera lina, ndikanayambira kwa amenewo ndisanapite kwa abusa ndi mashehe.

Obwera nawonso zinthu sizinawayendere bwino. Kuyambira 2022, pomwe gulu lothamangitsa obwera la Operation Dudula linafika m'chigawo chino, Amalawi omwe ankabwera ku magulu a mbali zitatu anacheperachepera, ndipo a kutsidya ena omwe ankatilankhula momasuka anayamba kuyang'ana kaye uku ndi uku. Gulu la pamzikiti ndi lomwe lapitirira, ngakhale tsopano limakamba kwambiri za mapepala, za maliro ndi za momwe tingatumizire mtembo kumudzi.

Mwa magulu osakanikirana, limodzi likukumanabe, kamodzi pamwezi, anthu ake atachepa. Ndalama ya minibasi yomwe mipingo inkapereka inatha, moti a ku Phoenix omwe ali ndi magalimoto ndi amene amakatenga anzawo pamsewu waukulu. Nkhani yomwe ili patebulo panopa ndi ya mageti omwe misewu ina ya m'nyumba inaika pambuyo pa zipolowe. Eni misewuyo akuti umbava wachepa. Amayi a kutsidya akuti pofuna kukafika kuntchito kapena kukasiya mwana kusukulu akuzungulira mtunda wautali, ndipo mlonda wa pageti amafunsa iwo okha komwe akupita. Gulu lagwirizana kuti anthu awiri, mmodzi wa mbali iliyonse, akaime pa geti limodzi m'mawa wa tsiku la ntchito n'kulemba amene akufunsidwa ndi amene akungodutsa, kenako akapereke zomwe apeza kwa khansala ndi ku komiti ya msewuwo.